Ndinakwera Ilala kukaona mdzukulu ku Likoma

Ine ndine wa kuphiri. Ndinabadwira kufupi ndi Chisitu kuno ku Mulanje, ndaphunzitsa ana a pulayimale mpaka kupuma ntchito, ndipo madzi amene ndinakula ndikuwadziwa ndi a Ruo, Lichenya ndi Likhubula, madzi oti ukaima tsidya lino umakuwira mnzako tsidya linalo iye n'kuyankha. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mitsinje inatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo n'kutenga anthu ena amene tinkapemphera nawo, ndinayamba kuopa madzi ngakhale powoloka pamlatho. Ndiye patangotha miyezi inayi, mwana wanga wamkazi atachira ku Likoma kumene mwamuna wake akuphunzitsa, anandiimbira foni nati, "Amayi, mubwere mudzandithandize kusambitsa mwana." Ndinavomera pakamwa pokha, mtima uli m'mwamba.

Chibwerereni, amayi anzanga a Mvano ndi ena apamsika pa Chitakale akhala akundifunsa za sitima ya Ilala, kuti imakhala bwanji m'katimo, munthu amagona pati, nanga wachikulire angaikwanitse. Ndaona kuti ndilembe zonse pamodzi monga ndinazionera.

Tinanyamuka Lachinayi m'bandakucha, kumapeto kwa Julaye, chiperoni chikuwaza. Ndinatenga mdzukulu wanga wamkulu, mnyamata wa Fomu 2, kuti azindinyamulira katundu. Katunduyo anali thumba la ufa woyera, nandolo wosenda kale, kalongonda, zinanazi zinayi, masamba a tiyi, ndi zitenje zatsopano zoberekera mwana. Tinadzera msewu wa Midima mpaka Limbe, kenako Zomba, Liwonde, Mangochi. Ilala imanyamuka pa Monkey Bay Lachisanu, choncho wochokera kuno ayenera kukagona komweko. Musayese kunyamuka tsiku lomwelo.

Pa Mangochi, podikira kuti galimoto ya ku Monkey Bay idzaze, mnyamata uja anandikokera ku nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho wa Shire. Pamenepo pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani tsidya lija la nyanja nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba. Iye anakondwera ndi mfutiyo. Ine maso anga anagwera pa chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julaye 1946, ndi kupha anthu 145. Ndinawerenga mwezi wake, Julaye, nyengo ya mwera, nyengo yomweyo imene ife tinali kupita kukakwera. Sindinanene kanthu kwa mwanayo, koma nsima ya masana amenewo sindinaimalize.

Za malo amene tinagona pa Monkey Bay ndinena mwachidule. Tinalowa pa nyumba ina ya alendo chifukwa inali pafupi ndi doko. Anatilandira ndalama asanatiuze kuti m'mipope mulibe madzi, ndipo chidebe chimene anatilonjeza chinafika m'mawa tikumanga kale katundu. Madzi kusowa nyanja ili pamphuno! Musanalipire, tsegulani mpope nokha muone.

Doko la Monkey Bay, limene eni ake amati Lusumbwe, labisala pakati pa mapiri a miyala, mwakuti madzi ake amakhala bata ngakhale kunja kukuwinduka. Ndinamvetsa chifukwa chake anasankha malowa kukhala kwawo kwa sitima. Pali malo okonzera sitima, pali sukulu yophunzitsa ntchito zapamadzi, ndipo m'mbali mwake mwakocheza sitima zina, zina zikugwirabe ntchito, zina zitachita dzimbiri. Dzuwa lisanakwere pachipata panali patadzaza kale. Amayi ogulitsa mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki, anyamata a mawilibala, amalonda okhala pamwamba pa matumba awo kuti asasokonekere, asilikali awiri obwerera kuntchito, azungu angapo ndi zikwama zawo zakumsana. Kutsogolo kwa sitima kireni inali kunyamula katundu m'chiukonde chachikulu, matumba a simenti, malata, makireti a zakumwa, matumba a chimanga, ngakhale njinga yamoto, zonse n'kumatsikira m'mimba mwa sitima. Munthu mmodzi ataima pamwamba ankalankhula ndi woyendetsa kireni ndi manja okha. Akatambasula chikhato katundu amaima m'malere, akazunguza chala amatsika. Ndinaimirira kuonerera mpaka mnyamata uja anati, "Anganga, tiyeni, malo atithera."

Sitimayo ndi yoyera, yaitali mamita 52, kunena kwake ngati theka la bwalo la mpira. Pazithunzi imaoneka yaikulu kuposa pamenepo. Ili ndi magawo molingana ndi thumba la munthu. Pansi penipeni, pafupi ndi injini ndi katundu, ndi ekonome, kumene kumakwera anthu ambiri. Pali sekondi kalasi, chipinda cha mabenchi ndi matebulo. Pali makabini okhala ndi mabedi, ndipo pamwamba penipeni pali fesi kalasi, bwalo lapamtetete lokhala ndi bala, kumene anthu amagona pa matiresi kapena m'matumba awo ogonera. Ife tinadula matikiti a sekondi kalasi. Mitengo imasinthasintha monga zonse masiku ano, ndiye funsani ku ofesi ya padoko sabata yomwe mukunyamuka, ndipo katundu wolemera amalipiridwa payekha.

Hutala italira, ndinaimva m'chifuwa. Zingwe zinamasulidwa, madzi anayamba kuwira kumbuyo, mapiri aja n'kumatseguka pang'onopang'ono ngati chitseko. Titatuluka m'dokomo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo chibadwire: kutsogolo kunalibe phiri, kunalibe mtengo, madzi okhaokha mpaka kukakumana ndi thambo. Kwathu kuno ukasochera umayang'ana phiri n'kudziwa kumene uli. Kumeneko ndinasowa poyang'ana.

Pa benchi yathu panali bambo wina wachikulire wa ku Likoma, wochokera ku chipatala ku Blantyre. Ataona mmene ndagwirira tebulo anandifunsa kwathu. Nditati ku Mulanje anati, "Ndiye sitimayi inadutsa pakhomo panu, mayi." Ndinayesa akunena zocheza, koma anafotokoza bwinobwino. Ilala inapangidwa mu 1949 ku Scotland, kufupi ndi Glasgow, ndi kampani ya Yarrow. Anaiphwasula n'kuitumiza zidutswazidutswa pa nyanja yamchere mpaka ku Beira, kuchoka apo pa njanji mpaka ku Chipoka, ndipo italumikizidwa inayamba ntchito mu 1951. Njanji ya ku Beira imeneyo ndi ija yowoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, n'kudzera ku Nsanje, n'kukwera mpaka pa Luchenza isanafike ku Limbe. Apa mtima wanga unagunda mwina. Malemu bambo anga ankagwira ntchito pa esiteti, kukweza mabokosi a tiyi m'malole opita pa siteshoni ya Luchenza, tiyi wopita ku Beira. Njanji imene inkatsitsa tiyi wathu kunyanja yamchere ndi yomweyo inakweza zitsulo za sitima imene ndinakhalamo. Ndinasisita khoma lake ndi dzanja. Utoto wake ndi wochindikala, wopakidwa pamwamba pa unzake kambirimbiri, ndipo pansi pake umamva mitu ya misomali yachitsulo ili ndandanda.

Anatiuzanso kuti dzinali ndi lachiwiri. Ilala yoyamba inafika pa nyanjayi mu Okutobala 1875 ndi amishoni a ku Scotland, a Robert Laws ali m'gulumo, ndipo pa mathithi a Shire anthu mazanamazana anaisenza pamutu zidutswazidutswa. Dzina lenilenilo ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Zina mwa izi ndinkaphunzitsa ana m'kalasi kuchokera m'buku, koma kuzimva uli pamadzi pomwepo, kuchokera kwa munthu amene wakwera sitimayi kuyambira ali pamsana, zimalowa mosiyana.

Chakudya chimapezeka m'sitima momwemo. Masana tinagula nsima ya nyemba ndi ya nsomba, yotentha, yokhutitsa, pa mtengo wosaboola m'thumba. Madzulo ndinapita kukhitchini ndi kapu yanga kukapempha madzi owira, ndipo wophika anandithirira mosanyinyirika. Ndinaponyamo masamba akwathu, fungo lake n'kudzaza chipinda chonse, mpaka ndinagawira benchi yonse. Komabe nyamulani kamba wanu, chigumu, mtedza wokazinga, mbatata yowotcha ndi madzi akumwa, chifukwa anthu akachuluka mzere wa chakudya umatalika.

Mnyamata uja anazungulira sitima yonse, ine ndinatsikira ku ekonome kamodzi kokha. Kumeneko ndiye kuli moyo weniweni wa nyanjayi. Matumba a usipa ndi utaka aunjikidwa mpaka m'makwalala, nkhuku zamangidwa miyendo pansi pa mabenchi, amayi ayala zitenje pamwamba pa katundu n'kugoneka ana, ena akusewera bawo, ena akuwerengera ndalama za malonda. Umamva Chiyao apa, Chitonga apo, Chitumbuka uko, ndi Chinyanja cha ku Likoma chimene umachimva koma mawu ena n'kumakudutsa. Kumatentha, injini imagunda usiku wonse, ndipo fungo la nsomba limakulowa m'zovala. Wachinyamata kapena wamalonda wofuna kukhala pafupi ndi katundu wake akhoza kupirira. Kwa munthu wa msinkhu wanga, wa mawondo ngati angawa, ndinganene kuti awonjezere ndalama akwere sekondi kalasi.

Mwera unatipeza dzuwa litalowa. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa, mbali yomweyo kumene kumachokera chiperoni chathu, koma kuno imangotibweretsera nkhungu ndi kuzizira, pamene panyanja imadzutsa mafunde. Sitima inayamba kupendama uku ndi uku. Kapu inatsetsereka patebulo, chinanazi chimodzi chinagubuduzika mpaka kukhomo. Ana anayamba kulira, anthu ena kusanza m'majumbo. Inenso nseru inandigwira, ndipo m'mutu mwanga munabwerera phokoso la usiku wa Freddy ndi manambala aja a pa Mangochi. Ndinayamba kuimba nyimbo ya m'buku chamumtima.

Mmodzi wa ogwira ntchito m'sitimamo, bambo wa imvi zapatalipatali atavala ovolosi, anadutsa akuyenda ngati pabwalo la pakhomo pake. Atandiona anaima. "Amayi, musaweramire pansi, mukuwonjezera chizungulire. Bwerani mukhale apa pakati, pamagwedezeka pang'ono." Anandigwira pamkono, nandikhazika pafupi ndi khomo pamene pamalowa mphepo, nandionetsa pamene pali majekete oyandamitsa munthu ndi mamangidwe ake, ine ndisanafunse. Ndinati, "Achimwene, tifika koma?" Iye anati, "Uwu ndi mwera wamasiku onse, amayi. Ukakula kuposa apa akaputeni sapikisana nawo, amakabisala podikira kuti utsike." Ndipo anapitirira ndi ntchito yake. Anabweranso kawiri usiku umenewo kudzandizonda.

Mawu akewo ndi amene ndikufuna aliyense wokwera Ilala awasunge. Nthawi yofikira imalamulidwa ndi mphepo ndi kuchuluka kwa katundu wa padoko lililonse. Tinafika ku Likoma mochedwerapo kuposa mmene tinkayembekezera, ndipo ena m'sitimamo ankadandaula. Ine nditaona mafunde aja sindinadandaule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musapangane ndi munthu ola lenileni, ndipo pobwerera musaike tsiku la ukwati kapena la mayeso kufupi ndi tsiku lofika.

Chimene sindidzaiwala ndi pa Nkhotakota. Tinafikapo usiku, ndipo chifukwa madzi ndi osaya sitima inaponya nangula patali ndi gombe. Unyolo wake umalira ngati lole ikutsitsa miyala. Ndinatuluka n'kukaima pa chitsulo cha m'mbali nditafunda bulangeti. Maboti awiri amene amapachikidwa m'mbali mwa sitima anatsitsidwa pa zingwe, magetsi aakulu akuwalitsa pamadzi. Boti likafika m'munsi mwa khomo, funde limalikweza kufika pafupi ndi makwerero, kenako n'kulitsitsa kutali, n'kulikwezanso. Mnyamata mmodzi anaima pamakwerero, dzanja limodzi pachitsulo, wina anaima m'botimo miyendo ili tang'a. Palibe amene ankaloledwa kudumpha mwa yekha. Ankawerenga funde, likakwera amvekere, "Tsopano!" munthu n'kuponda.

Ndiye panafika mayi wina ndi khanda la miyezi iwiri kapena itatu. Anamuuza kuti amasule mwanayo kumsana. Mayiyo anakana kaye, kenako anamasula manja akunjenjemera. Wa pamakwerero analandira khandalo, nalifungatira pachifuwa ndi mkono umodzi, nadikira. Funde loyamba analisiya lidutse. Lachiwiri analisiyanso. Anthu kumbuyo anayamba kukuwa kuti achite changu, iye osatembenuka n'komwe. Lachitatu litakweza boti, anangotambasula mkono, mnzake n'kulandira, mwana osadzuka ngakhale kutulo. Kenako anamutsitsa mayi uja n'kumubwezera mwana wake asanakhale pansi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndinaziona ndi maso usiku umenewo. Anyamata amenewa anachita zimenezi maulendo ambirimbiri, anthu, matumba, njinga, mbuzi, atanyowa mpaka m'chiuno, mphepo ikuwomba, mpaka kum'mawa kunayamba kufiira. Ndikamva wina akunena kuti Ilala ndi chitsulo chakale ndimakumbuka mkono uja.

Ku Likoma inali nthawi yanga. Paulendo wathuwu sitima inaimanso pamadzi, ndipo tinatsikira m'boti. Apa ndiye pali dandaulo langa lalikulu, ndipo likupita kwa ife okwera. Khomo likangotsegulidwa anthu amakankhana ngati sitima ikupsa, amuna amphamvu kupyola amayi oyembekezera ndi nkhalamba, ena kuponya matumba awo pamitu pa anzawo. M'chipwirikiti chimenecho thumba langa la ufa linagwera pansi m'boti pamene panali madzi, ndipo mbali imodzi inanyowa. Ufa umene ndinakonola, kuviika ndi kuyanika ndekha! Kulungani ufa ndi zovala m'mapulasitiki musanaziike m'thumba, foni ndi ndalama muzimangirire m'chiuno, ndipo valani nsapato zosaopa madzi chifukwa pagombe mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo. Wachikulire adikire boti lachitatu kapena lachinayi, sitima sichoka anthu asanathe.

Nditafika pamakwerero ndinaona madzi obiriwira akukwera ndi kutsika pansi panga, miyendo n'kuuma. Mnyamata wa pamakwerero uja anati, "Agogo, musayang'ane madzi, yang'anani ine." Ndinamuyang'ana. Anati, "Tsopano!" Ndinaponda, manja anayi n'kundilandira.

Apongozi anga aamuna, bambo a mwanayo, anali pagombe ndi wilibala. Za chilumbacho ndingalembe tsiku lina. Ndingotchula milambe yake ikuluikulu, mapiri a Mozambique amene amaoneka pafupi ngati ungawakhudze, kondowole amene ndinamuzolowera patapita masiku atatu, ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela. Koma chimene ndinaona m'masabata awiri amene ndinakhalako ndi chakuti chilumba chonse chimawerengera masiku potsata sitima. Shuga akatha m'magolosale amati dikirani sitima. Simenti ya tchalitchi, mabuku a sukulu, wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu, mwana wopita ku sekondale kumtunda, zonse ndi sitima. Hutala ikalira kuseri kwa phiri, ana amathamangira kudoko, amayi amasiya mbale zosatsuka. Kuno msewu ukaduka timadzera wina kapena kukwera kabaza. Kumeneko kuli maboti ena oyenda pakati pa zilumba ndi kumtunda, koma wonyamula katundu wolemera ndi anthu ochuluka pa nyengo ya mwera amadalira Ilala.

Pobwerera tinakwera yopita kumpoto, kudzera pa Chizumulu mpaka Nkhata Bay, kuti tikakwere basi yodzera msewu wa m'mbali mwa nyanja. Nyanja inali bata usiku umenewo, ndipo nyali za asodzi a usipa zinandandalika pamadzi ngati tauni. Mnyamata uja anandiuza kuti kumpoto kumeneko nyanja imazama pafupifupi mamita 700. Ndinamva, koma sindinagwirenso tebulo.

Nkhata Bay ndiye doko la piringupiringu. Sitima isanaime n'komwe, mabwato anali atatizungulira kale, ndipo kumtunda magetsi a minibasi ndi malole anali ngwee, makondakitala akuitanira Mzuzu, amayi akukazinga nsomba ndi chinangwa pakati pa usiku, matumba a usipa akutuluka mzere wosaduka. Anyamata onyamula katundu amakulanda thumba m'manja usanavomere. Wathu tinapangana mtengo wina, titafika pa basi anatchula wina, ndipo ndinalipira chifukwa cha kutopa. Panganani mokweza, pamaso pa anthu, thumba lisanachoke pansi.

Podikira kuti kuche ndinamukhazika mnyamata uja pansi n'kumuuza kuti padoko limeneli, pa 3 Malichi 1959, anthu anasonkhana kufuna abale awo amene boma la atsamunda linawatsekera m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anawombera n'kupha anthu osachepera 20. Iye ankadziwa kuti pa 3 Malichi sapita kusukulu, koma sankadziwa kuti ena mwa amene timawakumbukira tsikulo anagwera pamalo pamene tinakhalapo. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana madzi.

Kwa amene akundifunsa ngati angakwere, ndikuti kwerani. Tengani juzi ndi bulangeti ngakhale mukupita kunyanja, chifukwa usiku wa Julaye pamadzi umazizira ngati kuno m'munsi mwa phiri. Amene sachedwa kuchita nseru adye pang'ono ndipo akhale chapakati pa sitima. Ofuna kabini asungitse malo masiku angapo asananyamuke, chifukwa makabiniwo ndi owerengeka.

Apongozi anga akuti ndidzabwerenso mu Okutobala, mwera utagona, pa ubatizo wa mwanayo. Ndayamba kale kuika padera ndalama ya nandolo wa chaka chino kuti ulendo umenewo ndidzagone m'kabini, ndipo ufa ndidzaukulunga m'mapulasitiki awiri.